KOMPYUTA, BUKU LA KUCHIPATALA NDI OPHUNZIRA UDOKOTALA

Matenda ena, monga malungo, amatha m'masiku ochepa akachizidwa msanga. Koma alipo ena amene munthu amayenda nawo zaka zambiri: shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi kachirombo ka HIV. Nacho chifuŵa chachikulu chimafuna mankhwala a miyezi 6. Matenda otere sadziŵika bwino pa tsiku limodzi. Dokotala ayenera kuona m'mene wodwala analili kale, m'mene alili lero, ndi kumene akuloŵera.

Luso limeneli limavuta kwa ophunzira udokotala. Sukulu yawo, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Ophunziraŵa sakhalitsa malo amodzi: masabata angapo ku chipinda cha ana, kenaka kwa amayi oyembekezera, kenaka kwina. Wodwala wa ku Phalula akatumizidwa ku chipatala cha Balaka, napitirira mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, wophunzira amene amulandira kumeneko angamuone kamodzi kapena kaŵiri kokha. Chimene chingamuuze mbiri yonse ndi zolembedwa basi.

NTCHITO YA MAKINA

M'chaka cha 2001 bungwe la Baobab Health linaika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central. Mu 2006 makina otere anayamba kugwira ntchito pa malo olandirira ma ARV ku Queen Elizabeth, ndipo pambuyo pake anafalikira m'zipatala zambiri za m'maboma.

Wodwala amapatsidwa nambala yakeyake. Nambalayo imasindikizidwa pa kapepala ka timizere takuda, kamene amakamata pa buku lake la kuchipatala. Akabweranso, makina amaŵerenga timizereto ndipo mbiri yake imaonekera: kulemera kwake pa sikelo, mankhwala amene analandira, mapiritsi amene anatsala ndi tsiku lobweranso.

Mwachitsanzo, mayi wina angalemere makilogalamu 51 lero. Chiŵerengero chimenechi pachokha sichinena kanthu. Koma wophunzira akaona kuti mayiyo ankalemera 58 mu Januwale ndi 55 mu Epulo, azindikira kuti thupi likutha. Pamenepo adzafunsa za kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku, nauza mphunzitsi wake kuti makhololo ayesedwe. Umo ndimo dokotala wa maŵa amaphunzirira kuona matenda asanakule.

Boma la Balaka lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Ndiko kunayambira Chipatala Cha Pa Foni mu 2011, pamene amayi oyembekezera olembetsa ankalandira uthenga wogwirizana ndi msinkhu wa mimba yawo.

MBALI YA WODWALA

Makina sadziŵa chimene sanauzidwe. Ndiponso si chipatala chilichonse chimene chili nawo, ndipo magetsi akazima kaŵirikaŵiri ntchito imabwerera ku pepala. Choncho buku la kuchipatala likadali mlatho pakati pa Phalula, Balaka ndi Blantyre. Wodwala aliyense ayenera:

1. Kukhala ndi buku limodzi lokha, ndi kulitenga pa ulendo uliwonse wa kuchipatala.
2. Kusabwereketsa bukulo kwa mbale kapena mnansi, pakuti mbiri ya anthu aŵiri ikasakanikirana, mankhwala olakwika angaperekedwe.
3. Kulisunga m'pepala la pulasitiki, kutali ndi mvula ndi chiswe.
4. Kutchula dzina limodzimodzi nthaŵi zonse, ndi kubweretsa mapiritsi otsala.
5. Kuuza achipatala asanasamuke, kuti amulembere kalata yopita nayo kwina.

Ena amaopa kuti zinsinsi zawo ziululika. Wophunzira, monga dokotala ndi namwino, ali womangidwa ndi lamulo losunga chinsinsi cha wodwala, ndipo amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi aphunzitsi ake. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti amene akumupima ndani.

Buku likatayika, wodwala asangogula lina mwakachetechete. Auze achipatala dzina lake, mudzi wake ndi kumene amalandirira mankhwala, kuti mbiri yake yakale ifunidwe ndi kulumikizidwa ndi yatsopano.