Kufufuza Ntcheu pa foni ya aphunzitsi

Ntchito yake imamveka yophweka. Mphunzitsi wa Geography amagawa ana m'magulu n'kulemba pa bolodi kuti gulu lililonse lifufuze za boma la Ntcheu: kukula kwake, chiwerengero cha anthu, mapiri ndi mitsinje, mbewu zimene zimalimidwa, komanso maboma amene lachita nawo malire. Kumayiko olemera mwana aliyense amakhala pa kompyuta yakeyake, ndipo belu lomaliza likamalira ntchito imakhala itatha. M'sukulu za kumudzi monga za ku Nzama, kumapiri oyandikana ndi Mozambique, chida chofufuzira nthawi zambiri chimakhala chimodzi basi, foni ya aphunzitsi, yotchajidwa pa sola, bandulo yakenso yogula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ana amaunjikana pa kagalasi kamodziko, wina atatchinga dzuwa ndi kope kuti zilembo zioneke, wina akulemba mothamanga batire isanathe.

Zimenezi n'zosadabwitsa. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 adapeza kuti pa mabanja 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 52 ndi amene adali ndi foni ya m'manja, 16 okha ndi amene ankatha kupeza intaneti, ndipo oyatsa magetsi usiku adali 11. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma mwana wa kumudzi akadali kutali ndi kompyuta. Ena angafunse ngati n'koyenera kuvutika ndi ntchito yotere pamene zipangizo zili zoperewera chonchi. Ine ndikuti n'koyenera kwambiri, ndipo phindu lalikulu lili pomwe intaneti imasokoneza zinthu kapena kukhala chete.

Tiyambe ndi manambala, poti ndi amene amabwera msanga. Mwana akalemba dzina la boma lake, amapeza kuti Ntcheu ndi limodzi mwa maboma 28 a dziko lino, lili m'chigawo chapakati, ndipo lachita malire ndi Dedza, Mangochi, Balaka, Neno ndi dziko la Mozambique kumadzulo. Amapezanso kuti mu 2018 mudali anthu 659,608, pa anthu 17,563,749 a dziko lonse. Mpaka pamenepa zonse zili bwino. Vuto limayamba pa kukula kwa bomali. Masamba ena amati ndi masikweya kilomita 3,424, ena amati 3,251. Gulu lina likagawa chiwerengero cha anthu ndi nambala yoyambayo limapeza anthu 193 pa sikweya kilomita imodzi, gulu lina n'kupeza 203. Mkangano umabuka, aliyense akuloza zimene waona pa foni.

Mphunzitsi wanzeru sathamangira kugamula mlanduwu. Amawafunsa kuti nambalayo yalembedwa ndi ndani, yachokera m'buku liti, ndipo ndi ya chaka chanji. Amawatsogolera ku tsamba la National Statistical Office, ofesi ya boma ya ku Zomba imene imachititsa kalembera, kuti akaone lipoti lenilenilo m'malo mokhulupirira wina amene adangokopera kwa mnzake. Safunsa adadya phula, ndipo pa intaneti phula ndi wambiri. Mwana amene waphunzira kufunsa mafunso atatu amenewa adzawagwiritsa ntchito moyo wake wonse, ngakhale pa mphekesera za pa WhatsApp.

Manambala omwewo amayamba kulankhula akawayerekeza ndi akale. Mu 2008 Ntcheu idali ndi anthu opitirira pang'ono 470,000. M'zaka khumi zokha adawonjezereka ndi pafupifupi 190,000, pamene nthaka idakhalabe yomweyo. Mwana wa ku Nzama safunika kumufotokozera tanthauzo la zimenezi. Akudziwa munda wa agogo umene udagawidwa kwa ana, anawo n'kugawiranso zidzukulu, mpaka aliyense kutsala ndi kandime kakang'ono. Akudziwa mizere imene chaka ndi chaka ikukwera phiri, ndi zigwembe zimene mvula imakumba m'munsi mwake. Chimene buku limachitcha kuthithikana kwa anthu, iye amachiona popita kusukulu m'mawa uliwonse.

Gawo limene ana amalikonda kwambiri ndi la zithunzi za setilaiti pa Google Earth kapena Google Maps. Chithunzi chikamatseguka pang'onopang'ono, poyamba pamaoneka mbuu, kenako madenga a malata amayamba kuwala, a udzu n'kumafanana ndi dothi, tinjira tofiira tikulowa m'minda ndi kutsikira kumadimba. Aliyense amafuna kupeza nyumba yakwawo, ndipo mphunzitsi aziwalola kwa kamphindi, chifukwa ndi pamenepo mwana amamvetsa koyamba kuti mapu ndi dziko lomwe akupondali loonedwa kuchokera kumwamba. Akatero awauze ayendetse chala kuchokera ku Tsangano wa m'boma la Ntcheu kupita kumpoto chakum'mawa, akuyang'ana nambala yosonyeza kutalika kwa malo. Nambalayo imatsika ndi mamita mazanamazana pochoka pa mapiri a Kirk Range kulowa m'chigwa cha Bwanje, kumene njanji yochokera ku Balaka kupita ku Salima imadutsa pa Bilila ndi Sharpevale. Kumtunda n'kozizira, kwa mbatatesi, kabichi ndi tirigu. Kumunsi n'kotentha, kwa thonje. Phunziro la Rift Valley, limene ambiri amangoliloweza kuti akakhoze mayeso, limapezeka kuti lili m'boma mwawo momwemo.

Ndiye pali mzere wa malire. Pa mapu umaoneka wakuda ndi wotsimikizika, ukuyenda limodzi ndi msewu wa M1 cha ku Lizulu ndi Biriwiri, mwakuti m'malo ena wokwera minibasi akayang'ana pa windo lina akuona Malawi, pa windo linalo akuona Mozambique. Intaneti imafotokoza bwino chiyambi cha mzerewu: pangano la Britain ndi Portugal la mu 1891, limene m'dera lino lidatsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana, ena kulowera ku nyanja ya Malawi ndi mtsinje wa Shire, ena kulowera ku Zambezi. Limeneli ndi phunziro la Geography lenileni, ndipo mwana angathe kuliyesa yekha potsata mitsinje pa chithunzi n'kuona kumene ikulowera.

Koma mzerewo sunena zonse. Kutsidya kwake kuli maboma a Angonia ndi Tsangano m'chigawo cha Tete, kumene anthu amalankhula chilankhulo chomwechi ndi kuvina ngoma yomweyi. Phiri la Domwe, kumene Angoni a kwa Maseko adakhazikika asanafalikire m'dera lino, lili ku Mozambique, pamene Inkosi ya Makhosi Gomani ili mbali ino, ndipo mwambo wa Umhlangano umachitikira kwa Nkolimbo m'boma la Ntcheu. Gomani woyamba adaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, patangopita zaka zisanu chilembereni pangano lija ku Ulaya. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, dziko lino lidasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo Ntcheu idali pakati pa maboma amene adalandira ambiri, kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. M'midzi ya kumalire muli anthu amene adaona zonsezi ndi maso awo, amene adagawana minda ndi alendowo, ena mpaka kukwatirana nawo. Mwana akafunsa agogo ake kuti malire ankatanthauza chiyani masiku amenewo, adzabwera ndi ndime imene palibe tsamba la pa intaneti lingamupatse. Pamsika wa Lizulu mpaka lero tomato ndi mbatatesi zimachokera mbali zonse ziwiri, ndipo wogula safunsa kuti zadutsa pati.

Nkhani ya madzi nayo imaoneka bwino kuchokera kumwamba. Damu la Mpira, limene lili m'nkhalango ya Mvai ndipo limapereka madzi a m'mipopi ku Ntcheu, Balaka ndi madera ena oyandikana nawo, lidauma mu 2018, anthu zikwizikwi n'kubwerera kuzitsime ndi m'mitsinje. Google Earth imasunga zithunzi za zaka zosiyanasiyana za malo amodzimodzi. Gulu la ana likaika chithunzi chakale pambali pa chatsopano n'kuyerekeza kuchuluka kwa mitengo m'mapiri ozungulira, limatha kudzifotokozera lokha mgwirizano wa nkhwangwa, uvuni wa makala, dothi lokokoloka ndi mpopi wouma. Funso lovuta likubwera pambuyo pake, ndipo lisamazembedwe m'kalasi: amene amaotcha makalawo ndi achibale awo omwe, ndipo ndalama yake ndi imene nthawi zina imalipira fizi.

Nanga za Nzama weniweniyo? Apa intaneti imadziwa chinthu chimodzi chachikulu. Pa 25 July 1901, ansembe atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Antoine Winnen ndi Auguste Prézeau, adafika m'dera la mfumu ya Angoni Njobvuyalema n'kuyambitsa mishoni. Ansembe a White Fathers adali atayesapo kale kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma adachoka mu 1891, choncho Nzama ndiye adakhala mishoni yoyamba yokhazikika ya mpingo wa Katolika m'dziko muno, chaka chimodzi Mua asanatsegulidwe. Sukulu idayamba pomwepo mu 1902. Ana amene amakhala m'kalasi ku Nzama lero ali pamalo amene kuwerenga ndi kulemba kwaphunzitsidwa kwa zaka zoposa 120. Wofufuza zolembedwa zakalezi akumbukire kulembanso dzina la bomali monga ankalilembera atsamunda, Ncheu, apo ayi zambiri zimupita.

Kupatula mbiri ya mishoniyo, zambiri za derali pa mapu a pa intaneti zilibe mayina. Timitsinje timene ana amawoloka, mapiri ang'onoang'ono amene amadyetserako mbuzi, midzi, mijigo, zigayo, mlatho umene umamira mu January, zonsezi zimaoneka pa chithunzi kapena sizioneka n'komwe, koma palibe amene adazilemba. Apa ndi pamene ntchito ya m'kalasi ingasanduke yothandiza mudzi wonse. OpenStreetMap, mapu amene adayamba ku Britain mu 2004, amalola munthu aliyense kuwonjezera zimene akudziwa. Ku Nsanje ndi Chikwawa, anthu odzipereka adajambulamo nyumba ndi misewu, ndipo ntchito yawo idathandiza opereka thandizo pa madzi osefukira a 2015. Ana a Fomu 3 a ku Nzama angathe kuchita chimodzimodzi ndi dera lawo: kuyenda ndi kope, kufunsa amfumu ndi akuluakulu dzina lenileni la mtsinje uliwonse, kujambula mapu pa pepala, kenako aphunzitsi n'kuzilowetsa tsiku limene netiweki yagwira bwino. Dalaivala wa ambulansi amene sadziwa njira yopita kumudzi wina usiku angadzapindule ndi ntchito ya mwana wa zaka 16. Chofunika n'kuyamba kwa amfumu, chifukwa si chilichonse choyenera kuikidwa poyera. Manda, dambwe ndi mayina a eni nyumba zisiyidwe.

Zoopsa zake zilipo. Choyamba ndi kukopera. Pafupifupi zonse zolembedwa za Ntcheu pa intaneti zili m'Chingerezi, Wikipedia ya Chichewa ikadali yaing'ono kwambiri, ndipo mwana amene Chingerezi chikumuvuta amangojambula ndime yonse osamvapo kanthu. Mankhwala ake ndi kumuuza afotokoze zimene wapeza m'Chichewa, pamaso pa anzake, foni ili m'thumba. Chachiwiri ndi mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT, amene amayankha mokoma ndi molimba mtima ngakhale pamene akupeka, makamaka pa malo ang'onoang'ono amene sadalembedwe zambiri. Chachitatu n'kuiwala mapu a papepala. M'chipinda cha mayeso a MANEB simulowa foni. Mwana amafunikabe kudziwa sikelo, grid reference ndi mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo pa mapu a 1:50,000 a Department of Surveys, ndipo njira yabwino yophunzitsira zimenezi ndi kuyala mapuwo pa desiki, chithunzi cha setilaiti cha malo omwewo chili pambali.

Boma layambapo kubweretsa zipangizo. Pulogalamu ya BEFIT, imene idayamba mu 2023, ikupereka matabuleti oyendera sola kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aphunzire kuwerenga ndi masamu, ndipo bungwe la MACRA lakhala likumanga zipinda za makompyuta m'masukulu ena a CDSS. Zimenezi n'zabwino, koma sukulu isadikire kuti ifikiridwe kaye. Lipoti la kalembera lingatsitsidwe kamodzi kokha munthu akapita ku boma, n'kugawidwa kwa aphunzitsi onse pa Bluetooth. Mapu a dera angasungidwe m'foni kuti azitseguka popanda netiweki. Zithunzi ziwiri za Mvai zingasindikizidwe pa pepala n'kumatidwa pakhoma, ana a chaka chamawa n'kudzazipezanso.

Kwa aphunzitsi aakulu, makomiti a sukulu ndi makolo a ku Nzama, pempho langa ndi ili: m'ndondomeko ya ndalama ya teremu ikubwerayi, patulani kangachepe ka bandulo ndi kusindikiza mapepala, kuti mphunzitsi wa Geography asamalipire yekha phunziro la ana anu. Ndipo inu amfumu ndi agogo, anawa akabwera ndi makope awo kudzafunsa dzina la mtsinje kapena za chaka chimene alendo adawoloka malire, ayalireni mphasa muwauze.