Liu la "Akuti" ndi Chikhulupiriro cha Chiŵembu: Phunziro la ku Durban

Mu July 2000 mumzinda wa Durban munachitika msonkhano wa 13 wa maiko onse wokambirana za Edzi. Potsegulira msonkhanowo, Pulezidenti Thabo Mbeki anatsindika za umphaŵi koposa za kachilombo ka HIV, ndipo m'gulu la alangizi ake munali Peter Duesberg, amene ankakana kuti kachilomboka ndiko kamayambitsa matendaŵa. Akatswiri oposa 5,000 anasaina chikalata cha Durban Declaration chotsutsa maganizo otere. Mu 2008 ofufuza a ku Harvard anayerekeza kuti anthu oposa 330,000 anafa pakati pa 2000 ndi 2005 chifukwa cha kuchedwa kwa mankhwala a ARV. Pamutuwu tikufuna kuona chimene chimachititsa anthu, ngakhale ophunzira, kukhulupirira kuti pali adani obisika, ndi mbali imene chiyankhulo chimatengapo.

Choyamba, mtima wa munthu suvomera kuti tsoka lalikulu lingagwe popanda mwini. Evans-Pritchard, polemba za Azande mu 1937, anaonetsa kuti anthuwo ankadziŵa bwino kuti chiswe ndicho chimagwetsa nkhokwe, koma ankafunsabe chifukwa chimene inagwera pamene wakutiwakuti anali atakhala pansi pake. Funso lakuti "chachitika n'chiyani" limasanduka lakuti "wachita ndani". Ku Malaŵi ena ankatcha Edzi "matenda a boma", ndipo dzina lotere, kaya linayamba bwanji, limaloza kale mwini wake.

Chachiŵiri, ziŵembu zenizeni zimapereka mphamvu ku ziŵembu zopeka. Mu 1998 bungwe la Truth and Reconciliation Commission linamva umboni wa Project Coast, ntchito yachinsinsi ya boma latsankho yopanga poizoni, imene ankaitsogolera ndi Wouter Basson. Amene anamva zimenezi sanali opusa pokayikira mankhwala a Azungu. Cholakwa chinali kuganiza kuti popeza chiŵembu chinachitikapo kale, chilichonse chokayikitsa ndi chiŵembunso. Nkhani yakuti Amereka anapanga kachilomboka ku Fort Detrick inayamba kufalitsidwa ndi KGB mu 1983 kudzera m'nyuzipepala ya ku India yotchedwa Patriot.

Chachitatu ndicho chimatikhudza ife ofufuza ziyankhulo. Mphekesera m'Chicheŵa zimayenda pa liu lakuti "akuti". Mphatikiram'mbuyo "a-" apa saimira munthu wodziŵika, choncho woyankhula amapereka nkhani koma osaisenza; Chizulu chimachita zomwezo ndi "kuthiwa". Mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi Phalombe mu 2017, zinayenda chotere, monganso za ku Chilobwe za 1968 mpaka 1970, zakuti magazi a ophedwa ankapita ku South Africa. Ndipo chikhulupiriro chotere chimadzitchinjiriza chokha: wotsutsa amamuyesa mmodzi wa ochita chiŵembuwo, ndipo kusoŵa kwa umboni kumasanduka umboni wakuti abisa.

Choncho tikuona kuti kuganiza mozama sikutanthauza kukayikira boma ndi madokotala okha ayi, koma kukayikiranso wobweretsa mphekeserayo ndi muyeso womwewo. Tikupempha kuti maphunziro a ziyankhulo zathu azizoloŵeza ana mafunso atatu: "Akuti" ameneŵa ndani? Anaona okha, kapena anamvanso? Nanga ndi umboni wotani umene ungatichititse kusiya maganizoŵa? Wopanda yankho pa funso lachitatu sakufufuza, wangokhulupirira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.