N'chifukwa chiyani mnzanga wa ku Philippines sagona ikamaulutsidwa basketball?

Kuno ku Leicester ndimagwira ntchito yosamalira okalamba limodzi ndi bambo ena a ku Philippines. Tikaweruka m'mawa titachezera usiku wonse, ine ndimathamangira kukagona, koma iwo amakhalabe maso, foni ili m'manja.

Nkhani yake ndi iyi: ligi ya kwawo, PBA, inayamba mu 1975, ndipo basketball kumeneko ili ngati mpira wamiyendo kwathu. Nyengo yozizira, nthawi ya ku Manila imatsogola ndi maola 8, ndiye masewero amadzulo kuno amatipeza dzuwa lili paliwombo.

Koma chowasowetsa tulo kwenikweni ndi aulutsi. Amaphatikiza Chitagalogi ndi Chingerezi, nthabwala ndiye osanena. Lamulungu bambowa amakwezera dala mawu kuti mwana wawo, wobadwira konkuno, azimvako chilankhulo cha makolo. Nanga wangayu, Chichewa akuchimvera kuti?