ZA CITOPA, NTHENDA YA NKHUKU

Ananu, kodi munaonapo nkhuku itazyolika, mapiko ali pansi, irikupuma ndi kukamwa koyasama, mamina alikuturuka? Kawiri kawiri nthendayo ndiyo citopa. Imabuka makamaka m'cirimwe, ndipo ikhoza kutha nkhuku za mudzi wonse.

Citopa sicidza ndi ufiti ai. Cimadza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, timene timakhala m'mamina ndi m'zitosi za nkhuku yodwala. Cifukwa cace nkhuku yotere ikamwa m'phale, zinzace zomwera momwemo zimatenganso nthendayo.

Tsono citani izi. Yodwala muipatule msanga. Yakufa muikwirire m'dzenje lakuya, agaru angaifukule. Sesani m'khola, nimutsuke phale masiku onse. Nkhuku yogula ku msika iyambe yakhala payokha masabata awiri isanasanganizike ndi zinzace.

Citopa ciribe mankhwala ociritsa, koma katemera alipo, dzina lace I-2. Amadontheza dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse yosadwala, kamodzi pa miyezi inai. Kumbutsani makolo anu nthenda isanafike, pakuti nkhukuzo ndizo ndiwo za mlendo, ndizonso ndarama za mcere ndi sopo.