Ndege Zotera pa Chipale

Ku Alaska, kumpoto kwa America, kuli midzi yambiri kumene sikufika msewu. Makalata, mankhwala ndi zakudya zimapita kumeneko pa ndege zing'onozing'ono. Imodzi mwa ndegezi ndi Piper Super Cub, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1949. Ndegeyi ili ndi matayala aŵiri kutsogolo ndi katayala kamodzi kumchira.

M'nyengo yachisanu dziko lonselo limakutidwa ndi chipale chofeŵa, choyera ngati ufa. Matayala amatitimira m'menemo monga phazi m'matope. Choncho eni ndege amamangirira timatabwa toterera, totchedwa ski, kunsi kwa matayala akutsogolo. Koma katayala kakumchira kakatsala kokha, kamalima chipale ngati khasu, ndipo ndege imalephera kuthamanga kuti iuluke.

Pachifukwa ichi kumchira nakonso amaikako ski yaing'ono. Makaniko amatukula mchira nautsamiritsa pa chinthu cholimba. Kenaka amamanga ski ija ndi bawuti yapakati pa katayala. Ski zambiri zimakhala ndi chiboo chimene katayalako kamasuzumirapo, kuti ndege izithanso kuyenda pouma. Kutsogolo amakoloŵekako chingwe chotamuka chodzutsa mphuno ya ski. Mphunoyo ikaloza pansi ikhoza kuzika m'chipale potera ndi kuwononga mchira.

Usiku ski zimamatirira ku chipale. Tsono woyendetsa wanzeru amaimika ndege yake pa nthambi za mitengo. M'maŵa, asananyamuke, amayamba wayang'anitsitsa bawuti ndi chingwe chija, pakuti kuthengo kumene akupita kulibe makaniko.

Mafunso
1. Kodi katayala kakumchira kamavuta bwanji m'chipale?
2. Fotokozani ntchito ya chingwe chotamuka.