Kumene Ng'oma Imalira Ndiko Kumudzi: Achewa a ku Zimbabwe ndi Nkhani ya Malo Okhala

Banja likamafuna malo atsopano limayang'ana madzi, munda, chipatala ndi sukulu. Koma kwa mabanja ambiri a Achewa okhala m'dziko la Zimbabwe, makamaka amene amatsata chipembedzo cha makolo, pali funso linanso lolemera: kodi munthu akamwalira kumeneko, adzaikidwa ndi ndani, ndipo adzaikidwa mwa mwambo wanji? Yankho la funsoli ndilo lakhala likutsogolera anthu ambiri posankha pokhala.

Anabwera ndi gule wawo

Pa nthawi ya atsamunda, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi chigawo cha Tete ku Mozambique ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a fodya. Ena ankayenda pansi, ena ankatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito lomwe linkadziwika kuti Mthandizi. Ambiri sanabwererenso kwawo, ndipo anasanduka matchona.

Anthuwa sanasiye Gule Wamkulu m'mbuyo. M'makomboni a m'migodi, m'mapulazi a ku Mashonaland ndi m'madera a mumzinda wa Harare monga Mbare, anatsegula madambwe ndi mabwalo. Eni dziko anazitcha zilombozo Zvigure. Mlendo wongofika kumene akamva kuti pulazi yakutiyakuti ili ndi dambwe, ankadziwa kuti kumeneko akapeza olankhula chilankhulo chake, omuthandiza kupeza ntchito, ndiponso omuperekeza kumanda tsiku lake likadzafika.

Dzina lopweteka

Amishoni akale anautcha mwambowu chikunja, ndipo mipingo yambiri inkadula aliyense wolowa gule. Ku Zimbabwe chitonzo chinawirikiza, chifukwa anthuwa anali alendo. Ankatchedwa Manyasarandi kapena Mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Nyasaland ndi ku Blantyre, ndipo ena ankawanena kuti ndi anthu opanda mfunda. Mpaka lero alipo amene amaganiza kuti gule ndi ufiti.

Komatu kwa eni ake, gule ndi pemphero. Zilombo zimaimira mizimu ya makolo imene imabwera kudzacheza ndi amoyo pa maliro, pa chinamwali ndi polonga mfumu. Kasiyamaliro akatuluka, anamfedwa amadziwa kuti mzimu wa m'bale wawo waperekezedwa bwino. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse a pa dziko lapansi.

Pamene makomboni anapasuka

Kuyambira m'chaka cha 2000, boma la Zimbabwe litayamba kulanda mapulazi a azungu ndi kuwagawa, antchito zikwizikwi anataya ntchito ndi nyumba zomwe. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa kuti ana ambiri a matchona, ngakhale anabadwira m'dzikomo, aziwerengedwa ngati alendo. Kenaka mu 2005 kunabwera chipasupasu cha Murambatsvina, chomwe malinga ndi lipoti la United Nations chinasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena njira yopezera ndalama.

Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Nanga mdzukulu wa mtchona akanalowera kuti? Minda ya kumidzi imagawidwa kudzera mwa nyakwawa, yomwe kumeneko imatchedwa sabhuku, ndipo kawirikawiri imapatsidwa kwa obadwira m'deralo. Ku Dedza kapena ku Katete nako, mdzukuluyo sanapondeko chibadwire.

Mabanja ambiri anatsata kulira kwa ng'oma. Malo ena odziwika ndi Lydiate, pafupi ndi tawuni ya Norton, kumene kumakhala anthu ambiri a mtundu wochokera ku Malawi ndipo gule ndi wamphamvu. M'malo otere akuluakulu a dambwe ndi achibale amathandiza wobwera kupeza pomanga kanyumba ndi polima, amaweruza timilandu, ndipo pa maliro amasonkha ufa, nkhuni ndi ndalama za bokosi.

Walira mvula walira matope

Malo olandira bwino si malo opanda mavuto. Ambiri mwa madera amenewa ndi ongokhalapo popanda zikalata za umwini, kotero mantha osamutsidwa satha. Madzi abwino ndi zimbudzi zimasowa. Oyandikana nawo nthawi zina amadandaula kuti zilombo zimathamangitsa anthu m'njira, ndipo aphunzitsi amadandaula anyamata akamajomba kusukulu pa nthawi ya chinamwali. Madandaulo otere ndi oyenera kuwamva, ndipo ku Malawi mafumu ambiri anagwirizana kuti zinamwali zizichitika sukulu zikatsekera.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anachepetsako nkhawa. Amapereka unzika kwa obadwira m'dzikomo amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, amateteza ufulu wa chipembedzo, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe lamulo palokha silipatsa munthu manda.

Phunziro kwa alangizi

Ogwira ntchito zachitukuko akamasamutsa anthu chifukwa cha madzi osefukira, damu kapena mgodi, amawerengera maekala, zitsime ndi malata. Nkhani ya Achewa a ku Zimbabwe ikuonetsa kuti zimenezi sizikwanira. N'kofunika kufunsa ngati malo atsopanowo ali ndi manda amene osamukawo adzaloledwa kuikamo abale awo, ngati patsala nkhalango yoti n'kukhala dambwe, ndiponso ngati mfumu ndi atsogoleri a mipingo ya m'deralo ali okonzeka kukhala pansi ndi akuluakulu a gule. N'kwabwinonso kusamutsa anthu a mudzi umodzi pamodzi, m'malo mowamwaza.

Mlimi woti waikidwa pamalo pomwe akuchita kubisa chikhulupiriro chake sabzala mitengo kapena kukumba chitsime, chifukwa mtima wake uli paulendo. Koma akadziwa kuti pamalopo ng'oma idzamulirira, amaumba njerwa.