Buku m'kadontho

Cimanga cimasungidwa m'nkhokwe. Madzi amasungidwa mu mtsuko. Nanga mau amasungidwa kuti? Amasungidwa m'mutu mwa agogo, m'buku, mu foni ndi mu kompyuta. Koma buku limadyedwa ndi ciswe, ndipo foni imaonongeka. Ndiye cifukwa cake akatswiri a sayansi akufunafuna nkhokwe ina ya mau.

M'njere ya cimanga muli kanthu kakang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso. Dzina lake ndi DNA. Kanthuka kalinso m'thupi la munthu, la mbuzi ndi la nkhuku. DNA ili ngati kalata yaitali yolembedwa ndi zilembo zinai zokha: A, C, G ndi T. Kalata imeneyi ndiyo imauza njere kuti imere cimanga, osati mapira. Ndiyonso imacititsa mwana kufanana ndi makolo ake.

Akatswiri anaganiza kuti ngati DNA isunga uthenga wa cimanga, ingathenso kusunga mau a anthu. Iwo satenga DNA ya munthu kapena ya nyama ai. Amapanga yatsopano ndi mankhwala, naika zilembo zinai zija mu mndandanda umene afuna. Pofuna kuwerenga, makina ena amabweza zilembozo kuti zikhalenso mau.

M'caka ca 2012, George Church ndi anzake a pa yunivesite ya Harvard, ku America, anasunga buku lathunthu mu DNA. Bukulo linali ndi mau oposa 50,000 ndi zithunzi 11. M'caka ca 2013, akatswiri ena ku England anasungamo ndakatulo 154 za William Shakespeare, naziwerenganso bwinobwino.

Nkhani inamveka ponseponse. Manyuzipepala analemba mitu ikuluikulu. M'caka ca 2017 ena analemba kuti zonse zimene zili m'makompyuta a dziko lonse lapansi zingakwane m'cipinda cimodzi ca DNA. Munthu wowerenga mitu yokha akadayesa kuti mawa lomwe DNA idzagulitsidwa pamsika.

Olembawo sananame kwenikweni. DNA imasungadi zambiri pa malo ocepa. Imakhalanso nthawi yaitali ikasungidwa pozizira ndi pouma. M'caka ca 2021 akatswiri anawerenga DNA ya m'mano a nyama yakale yonga njobvu, yaubweya wambiri. Manowo anapezeka m'nthaka yozizira ya ku Siberia, ndipo ena anakhala m'menemo zaka zoposa miliyoni imodzi.

Koma mitu ya nkhani inathamanga kuposa nchito yeniyeni. Cipinda cija palibe amene anacidzaza: ndi masamu cabe a papepala. Mlimi akakolola bwino pa mzere umodzi wa mbeu yatsopano, sanganene kuti nkhokwe za mudzi wonse zadzala. Kupanga DNA kumadya ndalama zambiri. Kumafuna mankhwala, magetsi ndi makina odula. Ndipo kumacedwa kwambiri.

Kucedwako kunaoneka bwino m'caka ca 2019. Kampani ya Microsoft ndi yunivesite ya Washington, ku America, anapanga makina olemba ndi kuwerenga DNA okha, popanda dzanja la munthu. Anawapatsa liu limodzi la Cingelezi lopatsira moni, hello. Liuli lili ndi zilembo 5. Makinawo anathira mankhwala pang'onopang'ono, cilembo ndi cilembo, nasunga liulo m'timadzi. Kenaka analiwerenganso, ndipo sanalakwe. Koma nchito yonseyo inatenga maola 21. Akadayamba m'mawa tambala atalira, akadamaliza usiku, tambala ali pafupi kuliranso.

Akatswiri sanaleke. Akuyesabe njira zofulumira ndi zochipa. Ambiri a iwo amati DNA idzayamba kuthandiza posunga zinthu zosawerengedwa tsiku ndi tsiku, monga makalata akale a boma. Mpaka lero palibe foni imene imasunga zithunzi kapena nyimbo mu DNA.

Mwana wa kalasi yoyamba akatenga coko, amalemba liu lakuti moni pa bolodi, naliwerenga mokweza mphindi imodzi isanathe.